Njerwa Ziwiri Kumutu kwa Bedi

Adalaivala anakhala pabenchi ya kuchipatala atafumbata chipewa, mwana wawo wamkazi atawatsamira. Kusukulu anzake ankamutcha Kachule, poti kwa miyezi itatu mawu ake anali osasa, akungotsokomola ngati wameza minga. Mankhwala a chifuwa anatha mabotolo anayi, koma ayi ndithu.

"Madzulo amadya nthawi yanji?" anafunsa namwino atamuyeza.

"Ndikaweruka, cha m'ma naini. Timadyera limodzi, kenako n'kukagona."

"Vuto ndi limenelo, bambo. Akagona chikhutire, asidi wa m'mimba amakwera n'kumamuwotcha kummero."

"Komatu sasanza. Ngakhale chilungulira sadandaula."

"Kwa ana ena zimabwera mwakachetechete choncho. Azidya pang'onopang'ono, ndipo pazipita maola atatu asanagone. Zokazinga ndi zakumwa za gasi musiye, bedi mulikweze kumutu. Zikapanda kusintha mubwerenso."

Maola atatu! Nthawi imeneyo iwo amakhala akadali pamsewu, akulimbana ndi chiwongolero cha basi. Chimwalirireni mayi wa mwanayo, chakudya chamadzulocho ndicho chinali banja lonse: mbale ziwiri, botolo limodzi la chakumwa cha gasi logawana, mwana akulongolola za kusukulu. Kani chikondi chomwecho ndicho chinkamupsereza pakhosi? Zinawapweteka zedi.

"Achimwene, mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero mlongo wawo wa nyumba yoyandikana. "Azidyera kuno dzuwa lisanalowe. Kapena mukufuna akule akulira ngati hutala ya basi yanuyo?"

Adalaivala anaika njerwa ziwiri kunsi kwa miyendo ya bedi la mwanayo. Kuyambira pamenepo ankapeza mwana atagona kale. Ankatulutsabe mbale ziwiri mwachizolowezi, n'kubweza imodzi. Chakudya chodya wekha sichitsika, abale. Masiku ena ankangovundikiranso poto n'kukadziponya pamkeka.

Patatha milungu isanu, m'mamawa akumanga zingwe za nsapato, anamva mawu kumbuyo kwawo, osalala bwinobwino ngati a malemu mkazi wawo.

"Ababa, dzulo munadya?"

Anatembenuka. Mwana anaima pakhomo la kuchipinda, maso ali pa poto wodzadza uja.

"Ndinadya, amayi."

"Bodza limenelo." Anakwera pampando n'kutsitsa mbale ziwiri. "Anamwino aja sanaletse kudya m'mawa."

Tsiku limenelo basi yoyamba inanyamuka mochedwa. Okwera anadandaula njira yonse, koma adalaivala anangoyendetsa basi yawo ali okhuta.