Chofunda cha Nthenga

"Tagwirani ichi, mayi. Mumve kupepuka kwake," anatero Halvard, wogulitsa m'sitolo ya katundu wa kutchire, uku akuponya mtolo wobiriwira.

Gunhild anauwakha. Unali ngati mulibe kanthu. Anacheukira mlongo wake wamng'ono, Eilif. Iye anali ataima kufupi ndi chitseko, manja m'matumba, chipewa chili kumutu.

"Tayandikira iwe. Mphatsoyi ndi yako, si yanga."

Eilif anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zinayi sabata yomweyo. Pafoni anali atamuuza Gunhild kuti wayamba chizolowezi chatsopano. Loweruka lililonse ankakwera kunkhalango ya Bymarka, n'kumangirira nsalu yogonamo pamitengo iwiri, n'kugona ali lende. Anthu ambiri a mu Trondheim amatero. Gunhild sanadabwe nazo. Koma Novembala, mwezi woyamba chisanu, anali atalowa.

"Panopa mumagona ndi chiyani, bambo?" anafunsa Halvard.

"Thumba logonamo."

"Basi? Ndiye msana muli nawo, kapena munausiya komweko?" Halvard anaseka yekha. "Onani, mayi. Munthu akagona m'nsalu muja, thupi limapsinja thumba mpaka kuphwatalala. Kunsi kumangodutsa mphepo. Pamimba thukuta, kumsana chisanu. Ndiye chofunda ichi sitifunda pamwamba ayi. Timachikoleka kunsi kwa nsaluyo, kunja, kopanda chochipsinja."

Anatsitsa china pashelefu. Chofiira, chachikulu.

"Zilipo ziwiri. Chobiriwiracho n'cha nthenga za tsekwe. Chimenecho ndi moto weniweni. Chofiirachi n'cha ulusi wa kufakitale. Cholemera ngati wabereka mwana wa ng'ombe, ndipo kukazizira kwenikweni chimayamba kugonja."

"Tipatseni cha nthengacho," anatero Gunhild.

"Cha ulusi," anatero Eilif.

"Iwe, sunamve? Akuti chimagonja."

"Ndamva, achemwali. Cha ulusi."

"Ndikukugulira ndine. Usandichititse manyazi ngati ndabwera kudzapempha."

Eilif anatulutsa dzanja limodzi n'kutsina chofunda chobiriwira chija.

"Nthengazi zikanyowa zimatani?"

"Zinyowa bwanji? Pamwamba simumanga lona?"

"Sindikunena za mvula. Ndikunena chinyezi. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu."

Halvard anagwedeza mutu. Funsolo linamusangalatsa.

"Bambowa akuzidziwa zinthu. Thupi limatulutsa nthunzi. Nthunziyo imalowa m'nthenga n'kuundana momwemo, tsiku lililonse pang'onopang'ono. Pofika lachinayi, nthenga zagwirana ngati za nkhuku yovumbidwa. Cha ulusi sichitero, chimapirira chinyezi. Koma inu ndi a Loweruka lokha. Lamlungu mwafika kunyumba, mwachiyanika pachitseko cha kubafa, Lolemba chauma. Akunyumba akalipa pang'ono za fungo la utsi, basi yatha."

"Nanga munthu akapanda kuchiyanika?"

"Ndiye kuti alibe nyumba!"

Halvard anaseka. Anaseka yekha. Kenaka analeka, n'kuyamba kupinda chofunda chomwe chinali chopindidwa kale.

Gunhild anamuyang'ana mlongo wake. Ulendo uno anamuyang'anitsitsa. Zala zong'ambika. Zikhadabo zakuda. Kolala ya jekete yonona. Ndipo fungo la utsi silinali la Loweruka lapitalo. Linali la m'mawa womwewo.

"Tiye panja."

Panja kunali kutayamba kale kuda, ngakhale inali itangokwana kumene folo koloko. Chipale chinali chitasungunuka n'kusanduka matope m'mbali mwa msewu.

"Kuyambira liti?"

"Seputembala."

"Mkazi wako Rigmor ali kuti?"

"Ali kunyumba. Nyumbayo ndi yake tsopano. Tinasiyana bwinobwino, popanda phokoso."

"Bwinobwino! Ndiye iwe n'kupita kukakhala m'mitengo ngati gologolo?"

"Ntchito ndikugwirabe. Mabasi ndikuyendetsabe. Ndimasamba kudepoti. Masiku awiri akatha ndimasamuka, monga lamulo la ogona m'nkhalango linenera. Palibe amene ndamulakwira."

"Nyumba za lendi zinatha mumzinda muno?"

"Ndinalembetsa. Akuti mwina Malichi."

"Malichi! Udzamuona ndani Malichiyo? Kwathu kuli chipinda chikungosunga makatoni."

"Kwa alamu sindiponda."

Gunhild anadziwa chifukwa chake. Pamaliro a mayi awo, zaka zitatu zapitazo, mwamuna wake Oddvar ananena pagulu kuti Eilif ndi munthu wokhalira kuberekedwa ndi akazi: poyamba mayi ake, kenaka mkazi wake. Ananena atamwa. Sanapepese.

"Zija zinali za mowa."

"Mowa unangotsegula pakamwa. Mawuwo anali ake. Tsopano ndibwere ndi chikwama, aone kuti wachitatu wondibereka ndinu?" Eilif anakokera chipewa m'makutu. "Ngati mukufuna kundithandiza, kaguleni chofiiracho. Ndifika nacho Malichi."

Gunhild analowanso yekha. Anaima pakauntala kanthawi.

"Cha nthenga."

Halvard anatsitsa mawu.

"Mayi, pepani pa zija ndinanena. Koma ngati zili mmene ndikuganizira, tengani chofiirachi."

"Ndamva zonse zimene munafotokoza."

"Masiku atatu, mayi. Akapyola pamenepo osachiumitsa, ndi kuzizira kukubweraku, chimenechi chidzamupweteka."

"Ndati ndamva. Kulungani."

Panja, anam'patsa Eilif mtolowo. Kenaka anachotsa kiyi mmodzi pamulu wa makiyi ake.

"Uyu ndi wa chipinda chapansi, chochapiramo. Chitseko chake chili kuseri. Muli zingwe zoyanikira, muli hita yotenthetsera. Alamu ako salowako. Amaopa makina ochapira kuposa dokotala wa mano."

Eilif anasuzumira m'pepala. Anaona kubiriwira.

"Mwachita dala."

"Eya."

"Ndikapanda kubwera?"

"Ubwera. Lachisanu."

Eilif sanathokoze. Anaika kiyi m'thumba, n'kunyamuka kulowera kokwerera sitima ya ku Lian, m'mphepete mwa nkhalango. Limenelo linali Lachiwiri.

Lachisanu Gunhild anaweruka msanga. Anachotsa zovala zonse pazingwe. Anayatsa hita. Anaphika supu wa nsomba wambiri, mpaka Oddvar anafunsa ngati kukubwera alendo. Sikunabwere munthu.

Loweruka kumwamba kunayera. Mphepo inaleka. Aliyense wokulira kuno amadziwa chimene chimatsatira. Pawailesi anati madigiri khumi ndi awiri pansi pa ziro, kumapiri kuposa apo. Gunhild anaimbira Eilif foni. Inangoitana. Anaimbanso. Inali yozimitsa.

Lamlungu m'mawa anakwera sitima mpaka kumapeto kwa njanji. Anayenda m'nkhalango maola atatu. Mitengo yonse inali yofanana. Anapeza nsalu ziwiri zili lende pafupi ndi dziwe loundana ndi chisanu. Anali atsikana a ku yunivesite, akuwiritsa khofi, akuseka. Sanaone bambo wa ndevu zotuwa. Munthu wosamuka masiku awiri alionse umamuyang'ana kuti? Pobwerera, Gunhild anakhala pampando wa kumbuyo. Njira yonse ankangoona chofunda chofiira chija, chili phee pashelefu.

Lolemba masana anazungulira kuseri kwa nyumba asanalowe. Pachipale panali mapazi. Amodzi okokera.

Chofunda chinali pachingwe, chitafota, madzi akudontha pasimenti. Eilif anali atakhala pandowa yovundikira, jekete ili m'thupi, nsapato zili kumapazi.

"Ndimafuna ndione ngati wogulitsa uja amanama," anatero. "Samanama."

"Chitsiru iwe."

"Masiku awiri oyamba ndinagona ngati mwana. Zoona, ndi moto." Anakhosomola nthawi yaitali. "Dzulo sindinagone. Ndinangoyendayenda. Zala ziwiri za phazi ili sindikuzimva."

Gunhild anagwada. Anamasula zingwe za nsapato, zouma gwa. Anamuvula sokosi pang'onopang'ono. Zala ziwiri zakumapeto zinali zoyera ngati kandulo. Anazigwira. Eilif sanagwedezeke.

"Ndiimbira kuchipatala."

"Imbani. Koma pamwamba sindikwera." Analoza chofunda chija ndi chibwano. "Chiuma liti?"

"Mawa madzulo, mwina."

"Ndiye ndigona pompano. Chikauma ndinyamuka."

Gunhild anaimirira. Anatenga beseni n'kukwera masitepe kukatunga madzi ofunda. Oddvar anali ataima pamwamba, nyuzipepala ili m'manja.

"Kodi pansipo pali ndani?"

"Alamu anu."

Oddvar anapinda nyuzipepala ija kawiri. Anayang'ana beseni.

"Adwala?"

"Phazi. Chisanu."

"Akhala mpaka liti?"

"Mpaka chofunda chawo chiume."

Oddvar anapatuka kuti mkazi wake adutse.

Atabwerera pansi, Gunhild anapeza Eilif atatsamira khoma, maso ali tseke, kukamwa kuli yasa. Phazi lija linali pasimenti, lopanda sokosi. Gunhild anaika beseni pansi. Analowetsa phazilo m'madzi mosamala. Mlongo wakeyo anabuula pang'ono, koma sanadzuke.

Anaimirira. Anakhudza chofunda chija. Mbali ya kuhita inali itayamba kale kufufuma. Nthenga zabwino zimauma msanga.

Pashelefu panali kapu yoyezera sopo. Gunhild anaitenga, n'kutunga madzi m'beseni muja. Anawathira pachofundacho pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, kuti asamveke. Anatunganso kachiwiri.

Kenaka anatulutsa foni n'kuimba kuchipatala.