Fungo la Mandimu m'Tipoti

Qiuyan anazindikira kuti zinthu zaipa atangothira madzi owira m'tipoti kuti aitenthetse. Nthunzi inamufika pamphuno ndi fungo la sopo wa mandimu.

Dzulo lake, akukonza m'nyumba podikira alendo, anapeza tipoti ya dongo ya bambo ake m'kati muli bii, nkuikwecha mpaka kuyera. Anabadwira ku Menghai konkuno, dera lolima tiyi, ndipo ankadziwa kuti bambo akewo, a Duan, amaphikiramo tiyi wakale yekhayekha, nkungoitsukuluza ndi madzi otentha basi. Koma zoti dongo limamwa fungo nkulisunga anazikumbukira thovu litatuluka kale. Sanauze munthu.

Tsopano makolo a bwenzi lake, bambo Cen ndi akazi awo, anali atakhala patebulo. Bambo Duan anamasula makoko a nsungwi, natulutsa tiyi woumba ngati chimbale, yemwe anaumba okha chaka chimene Qiuyan anabadwa. Zaka zonsezi ankamusunga kuchipinda chapamwamba, akuti adzatsegulidwa tsiku limene anthu adzabwere kudzapempha mwana wawo. Anabenthulako pang'ono ndi kachitsulo, napatsa Qiuyan masambawo.

Pafupi ndi dzanja lake panali kambale koyera kachivindikiro, kamene sikasunga fungo. Akanatha kuphikiramo. Koma bambo ake akanafunsa chifukwa, pamaso pa alendo. Choncho anaika masamba m'tipoti momwemo, nataya madzi oyamba otsukira masambawo, nathira ena, natsanulira m'timakapu.

Bambo Cen anamwa, nayendetsa tiyi m'kamwa.

"Asewere, mitengo yanu ya tiyi inabzalidwa pamodzi ndi mandimu kapena?"

Akazi awo anawaponda pansi pa tebulo, ndipo aliyense anamva. Bambo Duan anamwa kapu yonse pang'onopang'ono. Anayang'ana tipoti, kenako tiyi uja. Ndiye anapepesa kwa alendo, nati vuto ndi iwo: sanasunge bwino tiyi, mwina anakoka fungo kuchipinda kuja. Anali munthu woti anzawo a mumsewu wonse ankabwera kudzawafunsa za kasungidwe ka tiyi, ndipo ananena zimenezi mawu osanjenjemera.

Qiuyan anaweramitsa mutu. Mayi Cen anali atayamba kale kuwatonthoza, akuti chinyezi cha chaka chino sichinasiye munthu.

"Si tiyi ayi, ababa," anatero Qiuyan, maso ali patebulo. "Ndinaitsuka ndi sopo dzulo."



"Ndinadziwa tiyi atangotuluka pakamwa pa tipoti," anatero bambo ake. "Ndimati usanene."

Bambo Cen anaseka, nati bola mwana wawo sadzadyera m'mbale zakuda. Palibe anawathandiza kuseka.

Bambo Duan anakhuthula masamba onyowa aja m'chotayira, masamba a msinkhu wa mwana wawo, atangophikidwa kamodzi. Anabenthulanso ena, nakankhira kambale koyera kaja kwa Qiuyan. Mayi Cen anamuuza motsitsa mawu kuti madzi apola, abwezere ketulo pamoto.

Madzi atawira, Qiuyan anatsuka masamba, nathiranso, natsanula msanga. Mlomo wa kambale unamuwotcha zala, koma sanakasiye. Tiyi anatuluka wofiira moderapo, wonunkhira ngati thabwa lakale. Bambo Cen anamwa osanena nthabwala, natambasula kapu kuti awonjezeredwe.

Qiuyan anathirira onse. Kapu yake inakhala yopanda kanthu mpaka mayi Cen anaitenga nkumuthirira okha.