Impala Yomaliza ya a Medson

A Medson Kalimbira anagula galimoto zitatu pa zaka zawo zonse za ku America, ndipo zonse zinali Chevrolet Impala. Yoyamba anaigula mu 1972 atangoyamba ntchito pa banki ina yaikulu ya mayiko ambiri mu Washington. Chinali chigalimoto chofiirira, chachitali moti pokhota pa kamsewu ka kwawo ku Springfield ankachita kuluma mlomo. Kutsogolo kunkakhala anthu atatu, kumbuyo anayi, ana pamiyendo, ndipo Mmalawi aliyense wotsika ndege ku Dulles masiku amenewo ankayamba kuiona America ali m'menemo. Mafuta atavuta, anzawo anathamangira tigalimoto ta ku Japan, koma iwo ankaima pa mzere wa mafuta osadandaula. Mu 1977 opanga anaichepetsa, kuidula kutsogolo ndi kumbuyo. A Medson ananyinyirika mwezi wathunthu, kenaka anakagulabe.

Mmodzi mwa anthu amene anakwera Impala yoyamba ija anali a Fryson, omwe anabwera kudzaphunzira atanyamula sutikesi imodzi ndi kajekete kosagwira kuzizira. Anakhala kwa a Medson miyezi ingapo, ndipo kuchokera apo ankaitanana achimwene. A Fryson sanabwererenso kumudzi. Mkulu wawo anatengedwa tsiku lina ali kuntchito, osamvekanso, ndipo iwo anasanduka munthu woyamba wacheuka asanaseke. Nthawi imeneyo Amalawi akunja ankaopana okhaokha, poti sumadziwa kuti mwa anzako ndani amatumiza mawu kwathu. Munthu mmodzi yekha amene a Fryson ankalankhula naye osatsitsa mawu anali a Medson, ndipo a Medson ankanyadira zimenezi kuposa udindo wawo wa ku banki.

Mu 1986 Impala yachiwiri ija inatopa. A Medson atapita kogulitsa zatsopano anauzidwa kuti Impala anasiya kupanga chaka chatha, imene yatsala ndi Caprice, thupi lake lomwelo. Iwo sanamve n'komwe. Ngati thupi ndi lomwelo, dzinalo lalakwanji? Anayendayenda mpaka anaipeza ku Seven Corners kwa munthu wina wogulitsa zakale. Inali ya 1985, yomaliza yeniyeni, yabuluu woderako, yopanda chokongoletsa chilichonse, mipando yolimba ngati mabenchi a m'tchalitchi. Kumbuyo kunali waya wautali wa wailesi, ndipo pafupi ndi zenera la dalaivala panali nyali yozungulira ya chogwirira m'kati. Wogulitsayo anati inali ya boma, n'chifukwa chake ndi yosamalidwa. Pa mawu onsewo a Medson anangotolapo akuti yosamalidwa.

Akazi awo, a Vera, anaizungulira atagwira m'chiuno.

"Bambo a Towera, galimoto imeneyi bwanji ikuoneka yokwiya? Nanga nyaliyo ndi yachiyani?"

"Yowerengera manambala a nyumba," anatero a Medson. "Anthu a kuno amaganiza patali."

Zodabwitsa zinayamba Lolemba. Pa msewu waukulu wozungulira mzinda, pomwe tsiku lililonse anthu ankawadulira kutsogolo mwachipongwe, galimoto zonse zinayamba kuwapatsa njira. Ya kutsogolo inkachepetsa liwiro, ya kumbuyo osafuna kuwapitirira. Pa maloboti, bambo wina wandevu atawaona anamanga lamba mwachangu n'kuwagwedezera mutu. A Medson anadziyang'ana pa galasi, n'kukonza taye. Mwina ndi imvi zimene zayambazi, anaganiza motero, koma anthu a ku America anayamba liti kulemekeza imvi?

Loweruka anapita ku Laurel kuti akadabwitse a Fryson. Galimoto ya a Fryson sinali panja, ndiye anati anthuwa apita kokagula zinthu. Anaima tsidya lina la msewu, n'kutambasula nyuzipepala, akumwetulira okha poganiza mmene achimwene awo adzazungulire galimotoyo osadziwa mwini wake. Nthawi ina anaona ngati katani yagwedezeka, koma anati ndi mphepo. Atatopa kudikira anabwerera kwawo.

Madzulo omwewo foni inalira. Anali a Fryson, akuimba pa foni ya m'mbali mwa msewu, magalimoto akumveka kudutsa.

"Achimwene, musabwere kuno. Andipeza."

"Ndani?"

"Pa foni ayi. Akuyang'anira nyumba yanga. Lonjezani kuti simuoneka kuno, mungalowe m'mavuto chifukwa cha ine."

A Medson analonjeza. Nkhani ya galimoto inali kale pa lilime, koma anaimeza, poti akanayamba bwanji kudzitama mnzawo akunjenjemera? Mtima unawawawa kwambiri, kenaka anapsa mtima. Munthu amene anamutenga okha pa bwalo la ndege, lero azimusaka ngati mbewa iwo ali chikhalire ku Springfield? Analonjeza kuti saoneka, inde, koma sanalonjeze kuti sapita.

Choncho anagula magalasi akuda, anavala chipewa chotsikira kumaso, ndipo poweruka kuntchito ankapita ku Laurel kukaima chapatali pansi pa mtengo kuti awaone akazitapewo ndi maso awo. Anaona munthu wa makalata. Anaona mnansi wina akutchetcha udzu. Anaona mayi wachikulire wachizungu akuyendetsa galu, amene tsiku lina anaima pa zenera n'kuwathokoza chifukwa choyang'anira msewu wawo. A Medson anangoti kukamwa yasa. Mayiyu wadziwa bwanji? Ngati iye wadziwa, ndiye kuti akazitape aja adziwanso?

Foni inaliranso.

"Anabweranso lero, achimwene. Tsiku lililonse akubwera. Ana sindikuwalola kutuluka."

A Medson anatsala pang'ono kukuwa kuti iwo anali komweko ndipo sanaone munthu, koma anakumbukira lonjezo lija. Ataika foni anakhala pa mpando mutu uli wee. Kodi anthuwa ndi ochenjera chotere, moti amaima pa msewu womwewo osaoneka? Kapena amabisala m'nyumba ya mnansi wotchetcha udzu uja? Kapena ndi mayi wa galu uja? Panabweranso ganizo lina limene anachita nalo manyazi, lakuti mwina mantha a zaka zambiri awasokoneza mutu achimwene awo. A Vera anati, "Pitani mukagogode, muonane pamaso," koma iwo anati munthu akalonjeza walonjeza. M'malo mogogoda anatenga tchuthi kuntchito, anabwereka magalasi oonera patali, n'kuyamba kumafika m'mawa. Anthu ena akafuna kuthandiza amathandiza mpaka kupitirira.

Loweruka lina m'mawa, atangoima pansi pa mtengo uja, chitseko cha galaja chinatseguka. Kagalimoto ka a Fryson kanatuluka chofutuka kali kodzaza, matiresi atamangidwa pamwamba, akazi awo a Lenifa ali kutsogolo, ana kumbuyo pakati pa zikwama. Kanakhota mwaliwiro kulunjika njira ya ku Baltimore.

Mtima wa a Medson unadumpha. Akupita, osatsanzika? Analiza galimoto n'kuwatsatira. A Fryson anawonjezera liwiro, a Medson anawonjezeranso, ndipo Impala ija inali ndi mphamvu imene mwini wake anali asanaidziwe. Analiza hutala, osathandiza. Anayatsa ndi kuzimitsa nyali za kutsogolo, osathandiza. Pomaliza anagwira chogwirira cha nyali yowerengera manambala ija n'kuilozetsa pa galasi la a Fryson. Pamenepo kagalimoto kaja kanapatuka pang'onopang'ono n'kuima m'mbali mwa msewu.

A Medson anatsika akupuma mwawefuwefu. Atafika pa zenera anapeza a Fryson ataika manja onse awiri pa chiwongolero, maso kutsogolo, thukuta likuyenderera m'khosi. A Lenifa anali atatsinzina, milomo ikupemphera. A Medson anavula magalasi ndi chipewa.

"Achimwene, mukupita kuti osatsanzika?"

A Fryson anatembenuka pang'onopang'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi inu?"

"Ndine, achimwene. Ndakhala ndikubwera tsiku lililonse. Ndimafuna ndiwaone anthu akukuvutaniwo, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe."

"Masiku onsewa munali inu."

A Lenifa anatsegula maso, anayang'ana a Medson, n'kuyang'ana kumbuyo.

"Alamu, pa galimoto ya apolisi?"

"Ya apolisi iti, alamu? Imeneyo ndi Impala yanga."

Anacheuka kuti awalozere, ndipo chala chinangoima m'malere. Chigulireni anali asanaione galimotoyo ali patali, itaima kumbuyo kwa ina m'mbali mwa msewu, chitseko chili chotsegula, nyali ya m'mbali ikuyakabe masana. Anakumbukira bambo wandevu uja, mayi wa galu uja, wogulitsa uja ndi mawu ake akuti inali ya boma.

Kenaka anayamba kufotokoza, zonse pamodzi. Anati Impala anasiya kupanga, anati Caprice iwo sanaifune, anati ku Seven Corners, anati anafuna kuwadabwitsa, anati katani ija ankayesa mphepo. Mawu ankaphana m'kamwa, ndipo akamawamva okha ankaona kuti sakumveka ngati zoona. Munthu wanji amene angakhale masiku onsewo pa khomo la mnzake, atavala magalasi akuda, ali ndi zoonera patali pa mpando, osadziwa chimene akuchita? A Lenifa anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi. Anati ntchito a Fryson asiya, makiyi a nyumba abweza, akupita ku Canada kwa msuweni wawo.

"Bwererani, achimwene," anachonderera a Medson atagwira chitseko. "Palibe munthu akukusakani. Galimotoyi ndikaigulitsa mawa, ndikaitaya ngakhale mumtsinje. Ntchitoyo tipita tonse tikawapepese. Mukundidziwa ine, ndinakutengani ndekha ku Dulles."

"Inde," anatero a Fryson. "Munanditenga ndinu. Zanga zonse mukuzidziwa."

Sanakwiye, ndipo a Medson akanakonda akanakwiya, akanawatukwana pamaso pa ana, akanatsika n'kuwamenya khofi. Koma a Fryson anangoyang'ana pa galasi, n'kuyang'ana magalimoto odutsa, n'kuyang'ana magalasi akuda amene anali m'dzanja la a Medson. Ankaoneka munthu amene akufuna kukhulupirira koma sakudziwa kuti kukhulupirira kumayambira pati. Manja awo anali akadali pa chiwongolero. Atatsegulanso pakamwa analankhula motsitsa mawu, mwaulemu wonse.

"Ndamva zonse, bambo Kalimbira. Tingapite?"

A Medson anasiya chitseko n'kubwerera m'mbuyo. Kagalimoto kaja kanayatsa nyali yokhotera, kanadikira mpata, kanalowa mumsewu bwinobwino osapitirira liwiro, matiresi akugwedera pamwamba. Iwo anatsala ataima pamenepo ndi chipewa m'manja, ndipo galimoto iliyonse yodutsa inkachepetsa liwiro ikawayandikira.