Penti ya Amalume

Kuchapa matewera, kukumba chinangwa, kupala kokonati, kutunga madzi kuthanki. Zonsezi Litiana ankazimaliza dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa ikakwana nthawi imeneyo m'nyumba simunkakhalika.

Nyumbayo inali ya malata, denga ndi makoma omwe. Chaka chathacho mwamuna wake, Apenisa, anapatsidwa ndi amalume ake penti yotsala popaka boti, yakuda bii. Mphatso ya amalume sakana, saibisanso. Apenisa anaipaka ponseponse. Kungofika Januwale, mwana wawo Salote, wa miyezi isanu, anatuluka zidzolo khosi lonse. Ankangolira, bere kuligwira n'kulisiya.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, Litiana anatsamira khoma lake loyera. Linali lofunda chabe. Atafika kwawo anakhudza lawo, dzanja linachita kuthawa lokha.

"Bambo a Salote, tabwerani mugwire apa."

"Ndigwirenji? Ndinapaka ndine."

"Gwirani basi."

Apenisa anagwira, n'kuchotsa msangamsanga. "Aaa, ndi dzuwa limeneli."

"Kutchalitchi siliwombako? Kapena abusa ali ndi lawolawo?"

"Ndiye ukufuna amalume adzaone mphatso yawo titaikwirira? Nkhope ndikaiika kuti ine?"

"Nkhope yanuyo ilibe zidzolo."

Lolemba Apenisa anatenga chikwanje kupita kumunda wa nzimbe. Litiana anakwera basi yopita kutauni ya Labasa, mwana kumanja, mkeka kukhwapa. Anabwerako ndi zitini ziwiri za penti yoyera.

Anayambira kudenga, m'mamawa malata asanatenthe, Salote atamugoneka pansi pa mtengo wa mango. Yakudayo inkaonekerabe, moti anachita kubwereza kawiri. Tsiku lachitatu amalume anadutsa pamsewu. Anaima, kuyang'ana, kenako anapitirira osapereka moni. Litiana analibe mphamvu zotsika n'kuwathamangira. Anangoviikanso burashi.

Loweruka masana Salote anagona m'nyumba mpaka mthunzi kutalika. Amake anakhala pansi pambali pake, manja ali gwa, osatha n'kufumbata komwe.

Zimene zinalowapo ndi izi. Madola makumi asanu ndi anayi, ochokera pa mkeka uja, umene Litiana analukira ukwati wa mng'ono wake. Masiku anayi, ndi matuza m'mawondo. Mtolo wa mizu ya yagona, yopangira chakumwa cha mwambo, umene Apenisa anakapepesera kwa amalume patatha sabata yathunthu. Amalume mizuyo analandira, koma nsomba zimene ankasiya pakhomo Lachisanu lililonse sanasiyenso.