Omvera a Bambo Mawotchi

Namabatani ankasuntha batani lobiriwira loyambitsira nyimbo pakompyuta, kulikweza pang'ono, kulitsitsanso, pamene wina anagogoda pachitseko. Anavula mahedifoni n'kumvetsera bwino, poti kuofesi kwake sikunkabwera anthu. Kanali kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, ka matebulo awiri. Tebulo linalo linali lopanda munthu chichokereni mnzake amene anayamba naye ntchitoyi, yemwe anapeza malo kukampani yaikulu n'kusiya kapu yake pawindo.

Dzina loti Namabatani anamupatsa ndi mayi wa fotokope wa chipinda choyandikana, chifukwa nkhani zake zonse zinkathera pa mabatani. Ankapanga pulogalamu ya pafoni yoti oyimba osadziwika, amene nyimbo zawo sizimveka pa wailesi, aziikapo nyimbo zawo, anthu azizipeza, kuzimvera ndi kuwalembera mawu.

"Lowani," anatero.

Analowa bambo wachikulire, wamfupi, magalasi akulendewera pachingwe m'khosi. Anali wefuwefu ndi masitepe.

"Ndikufuna eni ake a pulogalamu ya nyimbo ija. Adilesi ndaiona m'munsi mwake."

"Ndine, bambo. Khalani pampandopo."

"Inu nokha, mayi? Ndimayesa ndipeza chigulu cha anthu pamakompyuta." Anakhala pansi, chipewa n'kuika pabondo. "Ine ndimakonza mawotchi pafupi ndi pokwerera mabasi. Kwanuko ndinalembetsa kuti Bambo Mawotchi."

Namabatani ankalidziwa dzinalo bwino. Panali nyimbo zisanu ndi ziwiri, zojambulidwa ndi foni, mawu okalamba ndi gitala basi. Ukamvetsera ndi mahedifoni unkamva mawotchi akugunda chakumbuyo, iliyonse nthawi yakeyake.

"Nyimbo zanu ndimazidziwa," anatero.

"Ukaipa dziwa nyimbo," bamboyo anaseka. "Za nkhope ndinagonja kalekale, ndiye ndinatola gitala. Zaka zonsezi wondimvera anali mmodzi, malemu mkazi wanga. Ankamvera akusita, n'kumandiuza pamene ndalakwitsa. Atapita, gitala inakhala pakhoma chaka chathunthu. Koma taonani tsopano."

Anavala magalasi n'kutsegula foni yake yong'aluka pakona.

"Anthu khumi ndi mmodzi. Uyu ndi Dalaivala, uyu Mlimi wa Tomato. Uyu, Namwino Wotopa, amalemba sabata iliyonse. Anati nyimbo yanga ya ambulera inamuliza. Ine kumuliza munthu amene sindinamuonepo!"

Kenaka ananena chimene anabwerera. Loweruka ankafuna kutseka shopu msanga, nthawi ya 4 koloko, n'kuwayimbira anthuwo pakhonde, maso ndi maso. Mnzake wometa tsitsi anali atalonjeza mipando. Chinamuvuta n'chakuti sanapeze batani lolembera onse nthawi imodzi.

"Inu ndinu mwini nyumba, mumadziwa zitseko zonse. Mundiitanire. Akabwera asanu okha, kwa ine ndi khamu."

Namabatani anayang'ana pakompyuta.

"Ndiona mmene ndingachitire, bambo."

Bamboyo anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kutsika masitepe pang'onopang'ono, akuyimba chamumtima.

Anthu khumi ndi mmodzi aja kunalibe. Pulogalamuyo itangoyamba, oyimba anabwera ambiri, koma omvera sanabwere. Woyimba ankaika nyimbo yake, n'kumaona ziro m'munsi mwake tsiku ndi tsiku, mpaka kutopa n'kuchoka. Namabatani anali ndi maina ongopeka amene ankayesera ngati mabatani akugwira ntchito. Tsiku lina anagwiritsa ntchito dzina limodzi kuti ziro wa munthu wina asanduke wani. Mawa lake anachitanso. Kwa oyimba ena ankangodina nyimbo n'kupita. Koma za Bambo Mawotchi ankazimvera mpaka kumapeto, akudya nkhomaliro yekha patebulo, ndipo anayamba kuwalembera. Dalaivala anali iye. Mlimi anali iye. Namwino anali iye.

Masana mayi wa fotokope analowa ndi makapu awiri a tiyi, monga ankachitira makasitomala akachepa. Anamupeza atagwira kutsaya.

"Lero batani lakana kukhala pamalo pake?"

Namabatani anafotokoza zonse. Mayiyo anamvetsera, kenaka anaseka mpaka tiyi kutayikira m'sosala.

"Ndiye Loweruka mipando yonseyo ukakhalapo wekha? Ukagona chopingasa?"

"Musaseke, amayi. Munthu uja wakondwa ngati mwana."

"Chabwino, tiyeni tikonze. Ine ndikhala namwino, diresi loyera ndili nalo. Wa nsapato pansipa akhala dalaivala, mimba yake ikuyenera. Mlamu wanga ndimukoka akhale mlimi. Tikaomba m'manja, mkuluyo akagona bwino."

Namabatani anaganizira zimenezo kwa kanthawi, ndipo zinamukomera. Koma anakumbukira mmene bamboyo anatchulira mainawo, limodzi ndi limodzi, ngati akutchula ana ake.

"Nanga akakufunsani kuti nyimbo ya ambulera inakulizani pati?"

Mayiyo anasiya kuseka.

"Apo ndiye ndagwidwa. Mwana wanga, pulogalamu yakoyi ndi chikomekome cha mkuyu. Nyererezo uzichotse wekha asanalume munthu wina."

Lachitatu linadutsa, Lachinayi linadutsa. Namabatani analemba uthenga kanayi n'kuufufuta kanayi. Analembanso wina m'dzina la Namwino, wopepesa kuti Loweruka ali pantchito, koma chala chinakana kuutumiza. Lachisanu masana anatseka ofesi n'kuyenda wapansi mpaka pokwerera mabasi.

Shopuyo inali yopapatiza, yoti anthu awiri sangapatukirane. Kukhoma kunali mawotchi okhaokha. Pakhonde panali mipando isanu ndi umodzi ya pulasitiki, yosanjikizana, yopukutidwa bwino. Bamboyo anali ataweramira kawotchi kakumanja, kagalasi kokulitsa zinthu kali padiso.

"Mwabwera ndi yankho, mayi? Avomera angati?"

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Anthu aja kulibe."

"Akana?"

"Ayi. Kulibe kwenikweni. Maina onse aja ndinapeka ndine. Ndinkaopa kuti mukaona ziro muchoka ngati anzanu."

Bamboyo sanadzutse mutu. Anatola kasikuluwu ndi kopanira, kanamupulumuka, anakatolanso.

"Dalaivala uja?"

"Ndine."

"Mlimi?"

"Ndine."

"Ndiye amene analira ndi ndani?"

"Ndine, bambo. Zimenezo zokha sindinaname. Ndinalira pamene mukuyimba kuti ambulera ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo mvula ikagwa mumanyowa dala osaitenga."

Anachotsa kagalasi padiso n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Basi inaliza hutala panja, anthu anathamangira, kenaka kunakhalanso bata.

"Mukudziwa, mayi, anthu amabwera kuno ndi mawotchi a mitundu iwiri. Ina yaima, ina ikuyenda koma ikunama. Yoimayo sindidandaula nayo, mwini wake amadziwa kuti yaima. Yonamayo ndi imene imasiyitsa munthu basi." Anapukuta manja pansalu. "Mukanandisiyira ziro wanga. Ziro ndimamudziwa, ndimakhala naye kunyumba."

"Ndalakwa."

"Ndinauza mwana wanga pafoni kuti abambo ako ali ndi omvera. Anaseka, nati mwina ndi makina. Ndinamukalipira."

Namabatani anayang'ana nsapato zake zafumbi.

"Nyimbo zanu ndizichotse?" anafunsa pamapeto pake.

"Nyimbo sizinalakwe. Chotsani anthu anuwo."

Anatuluka pakhonde n'kunyamula mipando itatu. Namabatani anagwira inayo kuti amuthandize.

"Siyani, mayi. Ndinabweretsa ndekha."

Namabatani anamuona akuwoloka msewu, mipando ili pamutu, kupita kwa wometa tsitsi. Anaona wometayo akutuluka ndi lumo m'manja, akufunsa, bamboyo n'kungopukusa mutu. Namabatani sanadikire ulendo wachiwiri.

Atafika kuofesi anafufuta maina onse khumi ndi limodzi. Sizinatenge ngakhale mphindi zisanu. Manambala anagwa pa nyimbo za anthu onse, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona pulogalamu yake mmene inalili: oyimba oposa zana, omvera enieni osakwana makumi atatu. Oyimba atatu anamulembera kufunsa ngati chinachake chawonongeka. Anawayankha zoona. Awiri anachotsa nyimbo zawo tsiku lomwelo.

Sabata yotsatirayo anagwira ntchito osacheza ndi munthu. Tsamba loyamba linkaonetsa nyimbo zomvedwa kwambiri, monga amachitira ena onse. Analiphwasula. M'malo mwake anaikapo nyimbo imodzi yokha, imene munthu aliyense sanaimvepo, ndi mawu akuti: "Iyi palibe waimva. Mukhale woyamba." Ikapeza womvera, inkachoka n'kubwera ina. Mayi wa fotokope anasuzumira tsiku lina, nati, "Ndiye wasandutsa sitolo yako ya nyimbo kukhala malo osungira ana amasiye." Koma anatulutsa foni yake n'kumvera nyimbo ya mtsikana wina mpaka theka, kasitomala asanamuitane.

Namabatani analemberanso Bambo Mawotchi uthenga, tsopano m'dzina lake lenileni. Unali waufupi. Pulogalamu inaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere. Kawiri konse anadutsa pokwerera mabasi popanda chifukwa. Ulendo woyamba shopu inali yotseka. Wachiwiri bamboyo anamuona, anakweza dzanja mwaulemu ngati akupatsa moni kasitomala wakale, n'kuweramiranso ntchito yake.

Patapita masabata atatu, Lolemba m'mawa, atayatsa kompyuta anapeza nyimbo yatsopano patsamba loyamba. Inali yachisanu ndi chitatu ya Bambo Mawotchi, ya mphindi zinayi, yopanda chithunzi. M'munsi mwake munali ziro.

Anavala mahedifoni, dzanja linafika pabatani lobiriwira lija. Kenaka anaima. Akadina, nyimboyo ichoka patsamba loyamba, ndipo womvera woyamba akhalanso iye yemweyo. Anabweza dzanja n'kuvula mahedifoni.

Tsiku lonse anagwira ntchito zina, akusuzumira apo ndi apo. Nthawi ya nkhomaliro anadya kuli zii. Anthu anayi anatsegula pulogalamuyo masana amenewo, koma palibe anadina. Nthawi yoweruka itakwana, ziro anali pomwepo. Namabatani anazimitsa kompyuta, anakiya chitseko, n'kutsika masitepe nyimboyo asanaimve.