Mkulu wa Asilikali Anachedwa Kuimirira

Ine ndine woweruza. Ndinaitanitsa mkulu wa asilikali kukhoti kuti adzafotokoze chifukwa chimene anyamata ake anatsekera aphungu kunja kwa nyumba ya malamulo. M'mawa wa tsikulo mwamuna wanga anandichonderera kuti ndinamizire kudwala. Ndinamuuza kuti adwale yekha.

Nditalowa m'khoti, aliyense anaimirira monga mwa mwambo, kupatula mkuluyo. Anangokhala phee, chipewa chili kumutu, atasanjikiza miyendo. Asilikali ake, omwe anali ataimirira kale kumbuyo kwake, anayamba kuyang'anana ngati alakwitsa.

Panja malole awo ankalira. Ndinadziwa kuti ndikakhala pansi ndiye kuti ndagonja, choncho nanenso sindinakhale. Ndinaima njo, maso ali pa iye.

Kenako mpando wake unalira. Ananyamuka pang'onopang'ono ngati wodwala msana, n'kuvula chipewa.

"Mukhoza kukhala, bambo," ndinatero.

Anakhala pansi chifukwa ndamuuza ine. Koma panja malole aja sanawazimitse.