Vani ya Mazira ndi Tsiku la Mkamwini

"Tsiku limodzi! Sindinapemphe nyumba ine, ndinapempha tsiku limodzi," ankalalata Mayi Mazira pakhomo la garaja, manja ali m'chiuno.

Dzinali anawapatsa ndi eni masitolo amene ankawaperekera mazira m'mawa uliwonse. Ndipo tsiku ankalinenalo linali ndi mbiri yake. Pamene mkamwini wawo, makanika, ankamanga garajayi, vani yawo yamagetsi ndiyo inatuta njerwa ndi malata mwezi wathunthu. Iye, chipewa chili m'manja, anati, "Amayi, galimotoyi ikadzadwala, tsiku lathunthu manja angawa adzakhala anu." Tsopano inali itadwala, koma manja aja ankangokhalira m'mimba mwa galimoto za eni.

Matenda ake anali batire. Kale ikatchajidwa inkazungulira masitolo onse, kukwera mtunda wopita kubekale, n'kubwerera kunyumba ikadali ndi mphamvu. Koma dzulo lake inafera pakati pa mtundawo, mathireyi makumi anayi ali kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo. Mwini bekale sanapite m'mbali: akadzachedwanso, mazira azigula kwa wina. Ndipo bekaleyo ndiyo inkadyetsa banja lonse. Masitolo enawo anali a mchere ndi sopo chabe.

Mkamwini anatuluka pansi pa galimoto ina akupukuta m'manja.

"Amayi, ndinakuuzani kale. Batire yatha, ndipo yatsopano ndi yodula kuposa vani yeniyeniyo. Gulitsani. Pali munthu akuifuna, ali m'njira."

"Akuifuniranji poti yatha? Munthu amagula mtembo, akamwini?"

Chitsiriza, mwana wawo wamkazi, yemwe ndiye ankayendetsa vaniyo komanso ndiye mkazi wa makanikayo, analowerera.

"Amayi, inu mumangomva kuti inafa. Amene ndinaima pamtunda paja ndine, madalaivala akundiimbira mahutala ngati ndaba. Wina mpaka anati ndiiberekere kumbuyo."

"Ukanaibereka. Iyo yakubereka zaka zingati?"

Wogula uja anafika atavala shati yoyera, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo. Mayi Mazira anamuyang'anitsitsa ngati mmene ankayang'anira wobweza mazira akuti anasweka okha. Munthuyo sanagogode matayala. Sanatsegule chitseko, sanafunse mapepala, ngakhale mpando sanaukhudze. Anangoyala katoni pansi, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi kwa vani.

"Bambo, mwataya ndalama pansi pamenepo?"

"Ayi mayi, ndikuona batire. Galimotoyi ine sindiifuna, ndikaigulitsa kwa a zitsulo. Batireyo ndimaiphwasula, timabokosi tabwino ndimagulitsa kwa anthu a sola."

"Timabokosi tanji? Si chinthu chimodzi ngati ya mufoni?"

Munthuyo anaseka. "M'menemu muli khumi ndi tiwiri. Kamodzi kakafooka kamakokera tinzake tonse pansi, ndiye galimoto imaoneka ngati yatheratu."

Anazindikira mochedwa kuti pakamwa pamuthawa. Mayi Mazira anali atatembenukira kale kwa mkamwini.

"Munatiyeza kamodzikamodzi?"

"Kompyuta inaonetsa kuti mphamvu yatsika, amayi."

"Sindinafunse kompyuta. Munatiyeza?"

Mkamwini anayang'ana nsapato zake. Kutsitsa batire n'kuitsegula inali ntchito ya tsiku lonse, anatero, ndipo pabwalo panali galimoto zisanu zodikira.

Mayi Mazira anatsegula kumbuyo kwa vani, n'kutenga dzira limodzi pa thireyi, n'kusolola katochi m'thumba la epuloni. Anaunika dziralo pamphuno penipeni pa mkamwini, mpaka mkati mwake munaoneka mofiirira.

"Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Koma chiyambireni ntchitoyi sindinatayepo thireyi chifukwa cha dzira limodzi losukusa. Ndimaunika lililonse, mazana ndi mazana, maso kuchita kuwawa. Inu ndi mapepala anu a kukoleji mwalephera kuunika khumi ndi awiri?"

"Amayi, mukumuchititsa manyazi pagulu," ananong'ona Chitsiriza.

"Manyazi sapha. Njala ndiyo imapha." Kenako kwa wogula uja: "Inu bambo, pitani mukapume pamthunzi. Nambala yanu siyani. Tikatha kuunika mazira athu tikuitanani."

Anatembenuza chidebe n'kukhala pakhomo penipeni pa garaja. Aliyense wobwera kudzafunsa za galimoto yake ankakumana ndi iwo.

"Lero makanika ndi wanga. Mubwere mawa."

"Koma anandilonjeza kuti lero!"

"Inenso anandilonjeza. Mwabwera liti pamzere inu?"

Mkamwini anavala magulovu okhuthala a labala, n'kukweza vani m'mwamba. Anathamangitsa aliyense kuti aime patali, pakuti magetsi a m'menemo sachita nthabwala. Mabawuti ena anali atachita dzimbiri, ndipo limodzi linamuthyokera m'manja. Anatukwana chapansipansi, apongozi n'kuchita ngati sanamve. Chitsiriza anagwira nyale ndi cholembera, akulemba manambala amene mwamuna wake ankatchula, nkhope ili ndwii.

Dzuwa litapendeka, mkamwini anawaitana.

"Tiwiri tafa. Titatu tatopa koma tikuyenda. Tinato tili bwino."

"Ndiye tikasintha tiwirito?"

"Mtunda ikwera, ndipo ibwerera. Chaka, mwina chaka ndi theka. Kenako tidzakhalanso pompano, amayi. Sindikunamizani."

Mayi Mazira anatsonya. Ankayembekeza zaka zisanu. Anayang'ana vaniyo ili lende m'mwamba, utoto utasuluka, chitseko chomangidwa ndi waya, ndipo anaipsera mtima ngati nkhuku yosiya kuikira mazira koma chakudya ikudyabe.

"Ngakhale chimodzi, ndi chaka ndithu," anatero. "Bekale sidikira kuti ndilire. Timabokosi tabwino amagulitsa ndani?"

Mkamwini anakanda kumutu. "Yemwe uja."

"Muimbireni."

Wa shati yoyera anabwerera akumwetulira, akuganiza kuti wadzatenga vani. Anapeza mayi akumudikira pachidebe. Atatchula mtengo wa timabokosi tiwiri, iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Bambo, m'mawa uja batire yonse mumaiyesa zinyalala. Madzulo ano tiwiri tokha tasanduka golide?"

Anakanganapo mpaka munthuyo anatuluka thukuta m'shati. Anachoka atatsitsa mtengo kawiri, atavomeranso kuti mkamwini atiyeze kaye, kamodzikamodzi, mayi akuona ndi maso awo.

Mkamwini anavula magulovu n'kukhala pa tayala, msana utauma.

"Amayi, tsiku lija lakwana?"

Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi lodzaza fumbi mpaka kuchala chimene bawuti linamucheka.

"Lakwana. Sindidzalitchulanso."

"Nanga kubwezeretsa batireyi mawa?"

"Mawa ndine kasitomala ngati wina aliyense. Mutchule mtengo wanu, akamwini. Koma mudyeretu m'mawa, chifukwa tikangana."